Kodi ntchito yokonza m'kati mwa nyumba imaphunziridwa bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu wofuna kuphunzira interior design (ntchito yokonza m'kati mwa nyumba) ayambire pati? Kodi si kusankha penti ndi makatani basi?

Yankho loyamba: Ayi, penti ndi makatani zimabwera pomaliza. Yambani ndi kuyeza chipinda ndi tepi, n'kujambula pulani pa sikelo ya 1:50 (sentimita imodzi papepala ikuimira masentimita 50 m'chipinda), makabati pa 1:20. Dzanja lizolowere pensulo kaye, mapulogalamu ojambulira pakompyuta monga AutoCAD ndi SketchUp abwere pambuyo. Miyeso ina muidziwe pamtima: njira yodutsa pakati pa mipando isachepere masentimita 90, ndipo kauntala ya m'khitchini imatalika pafupifupi masentimita 90 kuchoka pansi. Poyeza musaiwale mbali imene chitseko chimatsegukira, chifukwa ambiri amazindikira mochedwa kuti kabati yatseka njira.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezerepo za magetsi, chifukwa ophunzira ambiri amazinyalanyaza. Babu la 2700K (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwa babu) limawala mofiirira, loyenera kuchipinda chogona. La 4000K limayera, loyenera kukhitchini. Penti yemweyo amaoneka mosiyana pansi pa mababu awiriwa, choncho pakani kaye kachigawo ka khoma, muone masana ndi usiku. Malo a masoketi agwirizanidwe asanapake pulasitala, apo ayi mudzagumulanso khoma.

Yankho lachitatu: Phunziraninso kuwerengetsera zipangizo. Lita imodzi ya penti imakwana masikweyamita 10 mpaka 12 popaka kamodzi, ndipo mumapaka kawiri. Matailosi onjezerani 10 peresenti chifukwa ena amasweka podula. Pulasitala watsopano aume pafupifupi milungu inayi, mukafulumira chinyezi chimafundula penti. Ndipo chonde, khoma lonyamula denga musaligwetse popanda injiniya.