LNB yogwedera ija yakhazikika

Ndabweranso pa nkhani ya LNB yanga (kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi ya TV) yomwe inkagwedera m'chogwirira chake, chithunzi n'kumaduka mphepo ikangowomba. Inu amene munati ndikulunge lekeni, zikomo kwambiri, zatheka. Khosi la LNB ndi la mamilimita 40, koma chogwirira chapulasitikicho chinakhwepa ndi dzuwa. Ndinadula chubu chakale cha njinga, kuzunguliza pakhosipo, n'kumanga bawuti pang'onopang'ono, poti pulasitiki yowauka sichedwa kusweka. Musanamasule chogwirira, lembani kachizindikiro ndi peni pomwe LNB yapendekera, chifukwa ikatembenuka pang'ono chabe quality (ubwino wa siginolo) imatsika ngakhale strength (mphamvu ya siginolo) ikuoneka bwino. Selotepi ayi, imamatuka kukatentha. Mabawuti akumbuyo kwa dishi ndawaikira ma spring washer (mawasha oletsa mabawuti kukhwepa). Chatsala n'kumata pomwe waya walowera mu LNB mvula isanayambe.