Funso: tchuthi cha sabata imodzi ku nyanja yamchere, Vilankulo ikutheka?

Nambewe wa ku Chilomoni:
Moni nonse m'gulu muno. Ine ndi bambo akunyumba tili ndi masiku 9 a tchuthi mwezi wa July ndipo tikufuna kukaona nyanja yamchere kwa nthawi yoyamba. Sitikufuna mzinda waphokoso kapena kumangoyendayenda, tikufuna katawuni kakang'ono kam'mbali mwa nyanja koti n'kugona, kudya nsomba, kuviika miyendo m'madzi basi. Atiuza za Vilankulo ku Mozambique. Galimoto tili nayo, yaing'ono wamba. Amene mumakudziwa tithandizeni: njira, mapepala, ndalama, komanso zoti tisamale. Bambowo kusambira amatha pang'ono, ine ayi.

Bambo a Tadala:
Mayi, ikutheka, koma muwerengere bwino masiku. Kuchokera ku Blantyre ndi mtunda woposa makilomita 1,000, ndiye ndi masiku awiri kupita, awiri kubwerera. Pa 9 aja otsala opumira ndi 5.

Njira yake: Mwanza, kuwoloka ku Zóbuè, Moatize, Tete, kenako kutsetsereka kudzera ku Changara ndi Catandica mpaka Chimoio. Gonani ku Chimoio. M'mawa mwake Inchope, mukhotere kummwera pa msewu waukulu wa EN1, Muxúnguè, mlatho wa mtsinje wa Save, mpaka pa mphambano ya Pambarra. Pamenepo mwatsala ndi makilomita pafupifupi 20 kulowera kummawa. Chigawo cha Inchope mpaka Save ndi chimene chimadya nthawi chifukwa cha maenje, ndipo galimoto yotsika imavutikira pamenepo. Tayala lapadera likhale lopopa, jeke ikhale yogwira, ndipo musayende usiku. Thirani mafuta mudzaze pa Inchope, muwonjezere pa Muxúnguè, pomwenso mugule nanazi wa m'mbali mwa msewu.

Mapepala: mapasipoti, osati kachikalata kodumphira malire kaja, chifukwa kamagwira madera a pafupi ndi malire okha. Mmalawi safuna viza pa ulendo wosapitirira masiku 30, koma onetsetsani kuti akudindirani polowa. Za galimoto: bulubuku, laisensi, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi chomwe mumadula pa malire, ndi inshuwalansi ya ku Mozambique yogula pomwepo. Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya galimoto yoyendera m'mayiko ena ija, kumeneko sigwira. Ngati galimotoyo ili m'dzina la munthu wina kapena la banki, pafunika kalata yololeza. M'galimoto mukhale mathirayango awiri ndi vesiti yonyezimira. Polowa m'kamudzi kalikonse tsitsani liwiro lifike 60, apolisi amakonda kuima pomwe chikwangwani changothera.

Alongo a ku Angónia:
Kuwonjezera apo, Chichewa chikuthandizani mpaka cha ku Tete, mukapitirira chayamba kutha mphamvu. Ku Vilankulo anthu amayankhula Chitswa ndi Chipwitikizi. M'malo ogona alendo Chingerezi amamva, kumsika ayi kwenikweni. Sungani mawu awa: bom dia (moni wa m'mawa), obrigada (zikomo, bambowo anene obrigado), quanto custa (ndalama zingati), ndi peixe, kutanthauza nsomba. Makwacha musapite nawo kutali, kumeneko palibe angakusinthireni. Tengani madola kapena marandi ndipo musinthire ku banki ya ku Tete kapena Chimoio kuti mukhale ndi meticais, ndalama za kumeneko. Makina otapira ndalama ku Vilankulo alipo, koma funsirani kaye ku banki yanu kuno ngati khadi likugwira kunja ndiponso malire ake ndi angati pa tsiku. Simu ya Vodacom kapena Movitel mugule mu shopu yeniyeni, amalembetsa ndi pasipoti.

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Chinthu chachikulu chimene sichinatchulidwe ndi madziwo. Amene anazolowera Mangochi kapena Salima amadziwa kuti nyanja pomwe waisiya m'mawa ndi pomwe uipeze madzulo. Ku Vilankulo si choncho. Madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pakati pa kudzaza ndi kuphwa pamadutsa maola 6 ndi mphindi zochepa. Gombe lake ndi losazama, ndiye akaphwa amathawa mtunda wautali kwambiri, mabwato n'kutsala ali gone pamchenga ngati atayidwa. Munthu wofika nthawi imeneyo atavala kale zosambira amakhumudwa.

Nthawi ya kudzazayo imachedwerachedwera ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ngati Lolemba adzaza 9 koloko m'mawa, Lachiwiri ndi cha m'ma 9:50, pofika Lachisanu ndi masana. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mu mdima, kusiyana kwake kumakula kwambiri, kupitirira mamita atatu. Ukakhala theka madzi sasuntha kwambiri. Choncho mukangofika funsani ndandanda ya madzi pa malo ogonawo, Chipwitikizi amati tabela de marés, kapena muione pa intaneti. Sambani kuyambira ola limodzi asanadzaze mpaka ola limodzi atadzaza. Akaphwa ndi nthawi yoyenda pamchenga, kuona amayi akukumba nkhono ndi kugwira nkhanu.

Ngozi ili pobwerera madziwo. Sabwera ngati mzere umodzi wochokera kutsogolo, amayamba kudzaza timakwawa ta kumbuyo kwanu, inu muli pa kachulu ka mchenga mukujambula zithunzi. Kwa inu mayi amene simusambira, lamulo likhale ili: mukapita kutali, muyambe kubwerera nthawi yomwe ndandanda ikuti madzi aphweratu, osadikira kuwaona akubwera.

Che Jafali:
Ine ndikanati Tofo, cha ku Inhambane. Madzi amakhala pafupi tsiku lonse, msika uli pagombe pomwepo, katawuni konse mumakazungulira wapansi. Vilankulo ndi yotambalala, malo ogona ena ali kutali ndi msika ndipo tinjira take ndi tamchenga woti galimoto yaing'ono imatitimira.

Mphunzitsi wa Jogalafe:
Achimwene, Tofo ndi yokongola, koma muwonjezere makilomita ena pafupifupi 300 pa ulendo womwe watalika kale. Chachiwiri, Tofo yayang'anizana ndi nyanja yosatchingidwa, mafunde ake ndi amphamvu ndipo pamakhala madzi othamanga okokera munthu kuya. Vilankulo yatchingidwa ndi zilumba za Bazaruto, madzi ake ndi ofatsa. Kwa munthu wosasambira palibe kufananiza. Za mchenga zo mwanena zoona: posungitsa malo afunse ngati galimoto wamba imafika pakhomo.

Nambewe wa ku Chilomoni:
Zikomo kwambiri nonse, za madzi othawazo sindimazidziwa n'komwe. Nanga July sikuzizira? Ndipo za kuzilumbazo n'zofunika kupitako kapena ndi kungotaya ndalama?

Mayi a Mphatso:
July ndi nthawi yabwino. Masana kumafunda bwino, usiku ndi m'mamawa mufuna juzi, makamaka kukawomba mphepo ya kummwera. Madzi amazizirirako koma osambika. Miyezi yoipewa ndi January mpaka March, ya anamondwe: Favio anawononga tawuniyi mu February 2007, ndipo Freddy uja asanatifike kuno anayamba watera cha komweko mu February 2023. December ndi Pasaka kumadzaza alendo a ku South Africa ndipo mitengo imakwera. July nayenso ali ndi tchuthi cha sukulu cha ku South Africa komweko, ndiye sungitsani malo msanga.

Kuchilumba pitani tsiku limodzi lokha, lokwanira. Zilumbazo ndi zisanu: Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué, ndipo ndi malo otetezedwa ndi boma kuyambira 1971. Kwa ofuna kupuma, sankhani Magaruque. Ndi chapafupi, mumapita pa bwato la thanga, amakuphikirani nsomba ndi mpunga pagombe, ndipo pali mwala wautali m'mbali mwake pomwe nsomba zamitundumitundu zimaoneka munthu atangoviika nkhope. Ulendo wa ku Bazaruto ndi ku mwala wa m'madzi wotchedwa Two Mile Reef ndi wa boti la injini, wodula, wogwedeza msana, ndipo kumwalako madzi ndi akuya. Phiri lamchenga la ku Bazaruto ndi lochititsa kaso, koma si ulendo wopumira.

Musanalipire funsani zinthu zinayi. Kodi ndalama yolowera m'malo otetezedwa ili m'kati mwa mtengowo kapena ndi yapadera? Pali majekete oyandamitsa okwanira aliyense? Bwatolo lili ndi injini yothandizira mphepo ikaleka? Kukachita mphepo ulendo n'kulephereka, ndalama amabweza kapena amasuntha tsiku? N'chifukwa chake ulendowu muuike tsiku lachiwiri kapena lachitatu, osati lomaliza. Jeketelo muvale musanakwere, osati kulikhalira. Amene amachita nseru pa galimoto amwe mankhwala ake kutatsala ola limodzi. Foni m'kapulasitiki komanga bwino, madzi amchere akalowa sichira ngakhale muiike mu mpunga. Mwamwayi mutha kuona anangumi, July mpaka October ndi nyengo yawo, koma wina asakulonjezeni.

Namwino Wopuma:
Za thupi mwachidule. Malungo aliko chaka chonse, gonani mu neti monga kwanu. Dzuwa la pamadzi limawotcha ngakhale khungu lakuda, makamaka mapewa, mphuno ndi pamwamba pa mapazi. Dzolani mafuta oteteza a SPF 30 kapena kuposa, mubwereze pakatha maola awiri komanso mukatuluka m'madzi. Mukasamba m'nyanja tsukulutsani thupi ndi madzi abwino, mchere ukauma umayabwa ndi kukhakhalitsa tsitsi. Valani nsapato zapulasitiki poyenda pomwe madzi aphwa, pali zigoba zocheka ngati lezala ndi tinyama taminga. M'madzi osaya yendani mokhwekhwereza mapazi, kuti nsomba yafulati yobisala mumchenga ija ithawe musanaiponde, mchira wake uli ndi mbola. Mukaona kathumba kabuluu kokhala ndi ulusi wautali pamchenga musakagwire, kamawotcha ngakhale katafa. Kakakukhudzani chotsani ulusiwo, tsukani ndi madzi a m'nyanja, viikani m'madzi otentha omwe khungu lingapirire kwa mphindi 20, osapukuta ndi mchenga. Akumwa gulani a m'botolo.

Alongo a ku Angónia:
Pa chakudya mupulumutsa ndalama zambiri mukapeza malo okhala ndi khitchini. Asodzi amakocheza madzi akamadzaza, mugule pagombe kapena kumsika waukulu. Nsomba yabwino maso ake amakhala owala, makha ofiira, mnofu wobwerera mukaudina. Camarão, tija tokhala ngati dzombe la m'madzi, tikhale tolimba ndi tosada kumutu. Tikamanunkha ngati mkodzo tasiyeni ngakhale atsitse mtengo. Theka la kilo likwana anthu awiri. Ng'ambani kumsana, chotsani kamtsempha kakuda, adyo, mandimu, mchere, piripiri pang'ono, mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse pa makala. Mukapitiriza timalimba ngati labala. Ngati simunadyepo zam'nyanja zoterezi yambani ndi tiwiri titatu, ena zimawatupitsa milomo ndi kuwatulutsa zidzolo.

Mulawenso matapa. Ndi chigwada chomwechi chotendera, kungoti amathira mkaka wa kokonati ndipo nthawi zambiri nkhanu, ndiye wosadya nkhanu afunse kaye. Nsima kumeneko amati xima, mukaitchula mwa kwathu amva. Pão, buledi wa kumeneko, wa m'mawa mugule isanakwane 8 koloko akadali wotentha.

Bambo a Tadala:
Chomaliza pa galimoto: musaiyendetse pagombe, n'zoletsedwa ndipo chindapusa chake n'chowawa. Mukatitimira m'kanjira kamchenga musapondereze mafuta, mungokumba dzenje. Phwetsani matayala afike cha pa 1.2 bar, chotsani mchenga kutsogolo kwa matayala, tulukani pang'onopang'ono, ndipo mukapope musanakwere tala. Pobwerera, pepala lolowetsera galimoto lija amalifuna pa Zóbuè, ndiye lisungeni pamodzi ndi mapasipoti. Mukafika ku Blantyre mukatsukitse kunsi kwa galimoto, mchere umadyetsa dzimbiri.