Ana a mahatchi anga mu Howrse akubadwa ofooka ndipo sakugulidwa, ndikulakwitsa pati?

Kamwendo_waKapata

Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi mahatchi 7 a mtundu wa Thoroughbred mu Howrse, masewera a pa intaneti oweta mahatchi, aakazi 5 ndi amphongo 2. Hatchi ikangokwana zaka 2 ndi miyezi 6 ndimaikweretsa pomwepo kuti khola lidzaze msanga. Koma ana obadwawo GP yawo (nambala ya malire a luso lawo) sikukwera, ena ikuchepera ngakhale ya mayi wawo. Ndaika atatu pamsika, sabata yatha popanda wogula, chonsecho mmodzi ndi wa ubweya wokongola kwambiri. Ma Equus, ndalama za m'masewerawa, akungothera ku chakudya ndi kulipira khola. Inu amene mumawadziwa bwino masewerawa, ndiuzeni: vuto ndi mbewu, kaphunzitsidwe, kapena mtengo?

Jere_waMtenguleni

Achimwene, yankho mwalinena kale nokha. Mukukweretsa pa zaka 2 ndi miyezi 6. Masewerawa amalola pa msinkhu umenewo, inde, koma hatchiyo imakhala isanagwire ntchito iliyonse yoti mwana atengereko.

Tsegulani tsamba la hatchi, mupite pomwe pali za majini. Pali manambala awiri ofunika. GP ndi malire, pamene luso la hatchiyo lingafike mutaiphunzitsa mpaka kumapeto. BLUP imayenda kuchokera pa -100 kufika pa 100, ndipo imasonyeza ntchito imene inuyo mwagwira pa hatchiyo. Mwana wongobadwa kumene amayambira pansi penipeni. Tsono GP ya mwana imachokera pakati pa GP ya bambo ndi ya mayi, kenako masewerawa amaonjezerapo kutengera BLUP ya makolowo. Tiyerekeze kuti mayi ali ndi 5,000 ndipo bambo 5,400, poyambira pa mwana ndi 5,200. Makolo akakhala pa BLUP 100 onse, mwana amalandira chowonjezera chonse, ndipo amabadwanso ndi luso lochulukirapo loyambira. Akakhala pansi pa ziro, ngati anuwo, chowonjezeracho chimasowa, mwana n'kugwera pansi pa makolo ake. Mukabwerezanso zomwezo pa mwanayo, mbewu yonse imatsetsereka mbadwo ndi mbadwo pamene alimi ena akukwera.

Kuti BLUP ifike 100 pafunika zinthu zitatu. Maluso atatu amene mtundu wa hatchiyo umaposera afike pamalire, nambala yake ioneke yakuda bii pa tsambalo. Hatchi ipambane mipikisano 20, kupambana kwenikweni kwa nambala wani, osati kukhala yachiwiri. Ndipo ikwane zaka 10.

Zaka 10 zisakuopseni, tiwerengere. Hatchi ikagona n'kudzuka imakula miyezi 2. Zaka 10 ndi miyezi 120, ndiye kuti kugona ka 60. Mukamaigoneka kamodzi patsiku ndi masiku 60, pamene zaka 2 ndi miyezi 6 ndi masiku 15 okha. Apa ndi pamene anthu ambiri amagonjera, chifukwa masiku 15 amakoma. Ma aging point alipo kuti afupikitse ulendowu: iliyonse imadzutsa hatchi tsiku lomwelo osadikira mawa. Musamawamwaze pa mahatchi onse 7. Sankhani yaikazi imodzi ya GP yoposa zonse, muthire onse pa imeneyo.

Aliyense woweta ng'ombe kwathu kuno amadziwa kuti thole likatenga bere lisanakhwime limapinimbira, mwana wakenso amabadwa wonyentchera, ndipo palibe amene amasiya nkhunzi yofooka m'khola pamene kwa aneba kuli yabwino. Chimodzimodzi muno. Amphongo anu awiriwo asiyeni kaye. Pali malo pomwe osewera ena amaika amphongo awo kuti akwere pa mtengo wa ma Equus. Sefani mtundu womwewo wa Thoroughbred, wosasakanizika, BLUP 100, GP yoposa ya hatchi yanu. Ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi kulera yamphongo yanuyanu kwa masiku 60.

MaiTembo_Katete

A Jere anena zoona zokhazokha. Ine ndionjezere za kaphunzitsidwe, chifukwa BLUP 100 imapezeka kapena kutayika pa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Mwana amayamwa mpaka miyezi 6, kenako amayamba kudya udzu ndipo muyenera kumulembetsa ku khola lolipira. Pa miyezi 8 masewera a ana amatseguka. Musawadumphe poganiza kuti ndi zachibwana, chifukwa luso limene amapereka lili ndi nyengo yake, mwana akapitirira msinkhu simungabwererenso. Pa chaka chimodzi ndi miyezi 6 amayamba maulendo a m'nkhalango ndi a m'phiri. Pa zaka 2 maphunziro enieni a maluso onse 6: stamina (kupirira), speed (liwiro), dressage (kumvera wokwera), gallop (kuthamanga kwambiri), trot (kuthamanga pang'ono) ndi jumping (kudumpha). Pa zaka 3 mipikisano. Pakati pa kutseguka kwa maulendo ndi kutseguka kwa maphunziro pali miyezi 6, kugona katatu, ndipo masiku atatu amenewo hatchi ilibe ntchito ina. Ayendetseni maulendo mokwanira pamenepo kuti asadzalimbirane nthawi ndi maphunziro.

Cholakwika chimene chimazunguza anthu kwambiri ndi ichi: mzere wa maphunziro wadzaza, koma nambala ya luso sinade. Munthu n'kumaganiza kuti masewera aonongeka. Ayi. Luso limodzi limadzazidwa kuchokera m'malo angapo, maphunziro, maulendo, ndi mipikisano. Mukamaliza maphunziro a gallop mbali ina imakhala ikadali m'mipikisano imene imagwiritsa ntchito gallop. Pitirizani kuilowetsa m'mipikisano yotero mpaka ikaleka kuonjezera.

Tsiku la hatchi liziyenda motere. Yambani ndi kuipesa kuti mtima wake ukhale m'malo, chifukwa hatchi yokhumudwa imatopa msanga pa ntchito yomweyo. Kenako ntchito yolemera mphamvu zikadali zambiri. Mphamvu zikatsika ipatseni madzi, karoti, muisisite, ndipo muidyetse. Pa chakudya masewerawa amakulemberani okha kuchuluka kwa udzu ndi kwa oats kofunika tsikulo, tsatirani nambala imeneyo ndendende. Mukamachepetsa kuti musunge ndalama imaonda, mukamapyola imanenepa, ndipo zonse ziwiri zimagwetsa thanzi. Igonekeni wotchi ya m'masewera isanapitirire 22:00, mphamvu zisanatsike kupyola 20%. Kufinya ola limodzi loonjezera lero kumakudyerani theka la ntchito ya mawa.

Langizo la kwathu kuno: hatchi iliyonse mukamaliza nayo, igonekeni nthawi yomweyo. Musasiye kuti mudzagoneka zonse pamodzi madzulo. Magetsi akathima netiweki nayonso imayamba kuvuta, foni n'kuzima, ndipo hatchi yosagonekedwa imadzuka yotopa. Bandulo masewerawa sadya kwambiri popeza ndi zolemba ndi zithunzi zosayenda, chimene chimapweteka ndi kudukiza pakati pa ntchito.

Za kupambana ka 20. Sankhani kaye ngati hatchi ikhale ya classical kapena western (mbali ziwiri za kakweredwe ndi mipikisano), mugule chishalo, zingwe za pakamwa ndi nsalu ya pansi pa chishalo zogwirizana ndi mbali imeneyo. Thoroughbred mphamvu yake ili pa gallop ndi speed, ndiye malo ake ndi mijaha ya gallop, osati kudumpha. Musanalowetse, onani mahatchi amene alowa kale. Ngati pali ina yoposa yanu kutali, dikirani mpikisano wina, musataye mphamvu. Mpikisano umayamba ukadzaza, n'chifukwa chake anzanu osewera amathandizana podzazitsa malo otsalawo ndi mahatchi awo ofooka. Apa ndi pamene ana anu osagulidwawo angagwire ntchito akakwana zaka 3, kudzazira mnzanu, iyenso n'kudzakudzazirani.

Kamwendo_waKapata

Zikomo kwambiri a Jere ndi amayi. Ndaona, BLUP ya aakazi onse ili pansi pa ziro. Nanga za ubweya? Ndinkafuna kugula ma palomino awiri kuti ana onse azibadwa a golide, anthu azigula chifukwa cha maonekedwe.

Zulu_waChadiza

A Kamwendo, musagule kaye. Pali zinthu ziwiri zimene mwaziphatikiza.

Mu Howrse ubweya sutsata malamulo a majini a hatchi zenizeni. Mtundu uliwonse wa hatchi uli ndi mndandanda wa maonekedwe ake, ena ofala, ena osowa, ndipo mwana amagwera pomwe mwayi wamuponya. Maonekedwewo saonjezera kanthu pa liwiro. Alipo osonkhanitsa maubweya osowa amene amagula, koma ndi ochepa, ndipo wofuna kukongoletsa hatchi amangoipatsa Golden Apple n'kuiveka chithunzi chimene akufuna. Wogula wodziwa amayamba kuona GP. Hatchi yokongola ya GP yotsika ndi chikomekome cha mkuyu.

Masewera otsata majini enieni, monga Horse Reality, ndi nkhani ina, ndipo ngakhale kumeneko pulani yanuyo singagwire. Ife a kuno sitinakule tikuona mahatchi, kashembe wa ku chigwa cha Luangwa ndi matenda a African horse sickness ofalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono sizilola kuti achuluke, ndiye m'pomveka kuganiza kuti golide ndi golide abereka golide. Zimayenda motere. Hatchi yofiira, chestnut, ili ndi majini awiri a e, ndipo ziwiri zofiira zimabereka mwana wofiira nthawi zonse. Palomino ndi hatchi yofiira yomweyo imene yalandira jini imodzi yokha ya cream, yosungunula kufiirako kukhala golide. Ikalandira awiri imayera kwambiri, maso n'kukhala obiriwira ngati thambo, imeneyo ndi cremello. Tsono ma palomino awiri, aliyense amapatsira cream theka la nthawi. Pa ana 4 muyembekezere mmodzi wofiira, awiri a palomino, mmodzi cremello. Njira yopezera palomino nthawi iliyonse ndi kukweretsa cremello ndi chestnut, chifukwa cremello alibe china choti apereke koma cream, ndipo chestnut alibe cream n'komwe.

Jini ya grey imaphimba zonse. Mwana amabadwa wakuda kapena wofiira, n'kumayera chaka ndi chaka, ndiye mukagula kamwana chifukwa cha maonekedwe yang'anani ngati kholo lina ndi lotuwa. Choopsa chenicheni ndi frame overo, mawanga oyera a m'nthiti. Jini imodzi ilibe vuto. Mukakweretsa ziwiri zonyamula jiniyo, mwana mmodzi mwa 4 amalandira awiri, amabadwa woyera mbee matumbo ake osagwira ntchito, ndipo amafa m'masiku ochepa. Pa hatchi zenizeni ndi bere la miyezi pafupifupi 11 lotayika. Hatchi ina imanyamula jiniyo popanda mawanga ooneka, n'chifukwa chake amayezetsa asanakweretse.

Mvula_waLundazi

Funso la msika lakhala lisanayankhidwe, ndiye ndilitenge.

Njira zogulitsira zilipo zitatu: okushoni pomwe ogula amapikisana, kugulitsa pa mtengo woikika, ndi kusungira munthu mmodzi amene mwagwirizana naye. Musanalembe mtengo, lowani pamsika ngati wogula. Sefani Thoroughbred, wosasakanizika, mwamuna kapena mkazi monga wanuyo, GP yoyandikana ndi yanu, muyambire otsika mtengo. Mitengo imene mukuionayo ndi ya mahatchi amene sanagulidwe, ndiye wanu akhale pansi pa wotsikitsitsa. Ndipo onani msika wa seva yanu. Howrse ili ndi maseva osiyana, ya International, ya America, ya ku France yotchedwa Equideow komwe kampani ya Owlient inayambira masewerawa, ndipo uliwonse uli ndi msika wake. Mtengo umene mwaona pa Facebook ukhoza kukhala wa seva ina.

Chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti hatchi muno imaguga ngati tomato, osati ngati chimanga choti mungasunge m'nkhokwe kudikira mtengo wa Januwale. Magulu akuluakulu amabereketsa mibadwo ingapo patsiku pogwiritsa ntchito zinthu ngati Morpheus' Arms, imene imakulitsa hatchi popanda ma aging point, ndiye GP ya pamwamba imasuntha tsiku lililonse. Mwana amene lero ali pafupi ndi pamwamba, mwezi wamawa ndi wamba. Mwana wabwino mugulitseni akangobadwa. Aakazi amayenda msanga kuposa amphongo, popeza yamphongo imodzi imakwanira khola lonse. Mukadzafika pa mbewu yabwino, amphongo ogulitsa muziyamba mwawathena, apo ayi wogulayo adzaika pa mtengo wotsika wokwerera n'kudzaza msika ndi mbewu yanu yomwe.

Apa ndisiyaneko pang'ono ndi a Jere. Kwa munthu wopanda ma pass (ndalama yapadera ya m'masewerawa imene nthawi zambiri imagulidwa ndi ndalama zenizeni), kukweza mbewu yofookayo mbadwo ndi mbadwo n'kuthamangitsa basi yonyamuka kale. Phunzirani kufikitsa BLUP pa 100 ndi yaikazi imodzi imene muli nayo, inde, koma ma Equus amene mukusunga agulire kamwana kakakazi ka GP yapamwamba kuchokera kwa alimi akuluakulu. Iwo amataya pa mtengo wotsika ana amene kwa iwo ndi otsalira, chonsecho kwa inu ali patsogolo ndi mibadwo yambiri.

Chenjezo limodzi. Wina akakuuzani kuti mumutumizire makwacha pa mobile money kuti akupatseni hatchi, ma pass kapena akaunti yonse, kanani. Malamulo a masewerawa amaletsa malonda otero, amaletsanso munthu mmodzi kukhala ndi maakaunti angapo odzigulitsira yekha, ndipo akaunti imatsekedwa pamodzi ndi khola lonse. Mukaberedwa mulibe kokadandaula.

Ana atatu aja: wokongolayo muikeni pa okushoni pa mtengo woyambira wotsika, osonkhanitsa maubweya amuone. Mmodzi musunge wodzazira mipikisano monga ananenera amayi Tembo. Wachitatu, akapanda kugulidwa pofika Loweruka, mutumizeni ku Safe Haven, malo osiyako mahatchi amene simukuwafunanso, mulandireko ma Equus pang'ono ndipo muleke kumulipirira khola.