Windo la pulogalamu yanga likuuma, chonde ndithandizeni

Akuluakulu, moni nonse. Ndine wophunzira wa chaka chachitatu kuno ku Blantyre. Pulojekiti yanga ndi kapulogalamu kotumizirana mauthenga pa makompyuta awiri, kolembedwa mu Java. Mawindo ndapanga ndi Swing (zida za Java zopangira mawindo ndi mabatani), ndipo makompyutawo akulumikizana ndi socket (njira yolumikizirana pa netiweki) pa port 5000.

Vuto ndi ili: ndikangodina batani loti "Lumikiza", windo lonse limauma gwa. Bokosi lolembamo silitenga chilembo ngakhale chimodzi, kutseka nakonso kumakanika mpaka nditsegule Task Manager. Ndikuganiza kuti ndi chifukwa choti accept() (yodikira kuti kompyuta inayo ilumikizane nane) ndi readLine() (yodikira uthenga) ndinaziika mkati mwa batanilo, ndiye zikudikira pa thread (mzere wa ntchito mkati mwa pulogalamu) yomweyo imene imajambula windo. Nditatsegula thread ina kuumako kunatha, koma nthawi zina uthenga suoneka bwino mu JTextArea (bokosi loonetsa mauthenga). Kodi apa ndi pamene pafunika SwingUtilities.invokeLater, kapena ndingosamutsira zonse mu SwingWorker (zonsezi ndi zida za Swing zothandiza pa ma thread)? Amene munadutsamo, ndilongosolereni pang'onopang'ono, za ma thread zikundizunguza mutu.

China, pa laputopu yanga yokha ndi 127.0.0.1 (adilesi yolozera kompyuta yomweyo) zonse zimayenda bwinobwino. Dzulo tinayesa ndi mnzanga ku Chitawira, tonse pa hotspot ya foni imodzi. Ndinamupatsa IP yanga (adilesi ya laputopu pa netiweki) yoyamba ndi 192.168 ija, koma iye ankangolandira "Connection timed out". Ingakhale firewall ya Windows (chitetezo chotchinga kulumikizana kosaloledwa), kapena foniyo ikuletsa makompyutawa kuonana?

Ndikukaonetsa kwa aphunzitsi Lachisanu likubwerali, tulo sindikupeza. Khodi ya pulogalamuyi ndingatumize kwa aliyense amene angandionereko. Zikomo kwambiri.