Famu yaikulu ya nkhuku ikufuna malo kwathu ku Mkanda: tivomere?

Mlimi wa ku Mkanda:

Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za ziweto. Kwathu kuno ku Mkanda, m'boma la Mchinji, kwabwera anthu ofuna malo oti amangepo makola akuluakulu a nkhuku zoyera ndi zoikira mazira, ndipo amfumu aitanitsa msonkhano kuti timve. Alendowa akulonjeza ntchito kwa achinyamata ndiponso msika wa soya ndi chimanga chathu. Mayi akunyumba amaweta nkhuku zoyera 50 pa nthawi imodzi, ndipo ndalama za fizi ya ana zimachokera pamenepo. Kodi famuyi ikakhazikika, ulimi wawowu upitirira? Komanso mwana wanga akuti nkhuku za m'mafamu otere zimazunzika, pamene ine ndikuona kuti zimangodya ndi kumwa tsiku lonse.

Mlangizi wa ziweto wopuma, Kasungu:

Bambo, mwana wanu sakunama, ngakhale kuti kuzunzikako sikuoneka msanga. Nkhuku yoyera imakwana makilogalamu 2 pa masabata 6 okha, pamene yachikuda imafuna miyezi 5 kapena 6 kuti ifike pogulitsidwa. Mnofu umakula mofulumira kuposa mafupa, n'chifukwa chake m'masabata omaliza zambiri zimalephera kuyenda ndipo zimangokhala chogona pa utuchi wonyowa ndi zitosi, umene umaziwotcha pachifuwa ndi kumapazi. Mwezi wa Okutobala, khola likathithikana, zina zimafa ndi kutentha kokha.

Zoikira mazira ndiye zimandimvetsa chisoni kwambiri. Zikaikidwa m'timakola tawaya, iliyonse imakhala pa malo osaposa pepala la A4 kwa chaka chathunthu, osapalasa, osasamba m'fumbi, osatambasula mapiko, ndipo milomo amaidula zikadali anapiye kuti zisajomphane. Mayiko a mu European Union analetsa timakola totere mu 2012, ndipo mu 2006 anali ataletsa kale kuthira mankhwala opha tizilombo m'chakudya cha ziweto pofuna kuti zikule msanga, poona kuti tizilomboto timazolowera mankhwalawo mpaka amaleka kuchiza ngakhale anthu. Komabe tisamaloze chala mafamu okha. Venda amene amamanga nkhuku miyendo n'kuzipachika chadodolido pa njinga padzuwa lonse sazichitiranso chifundo, ndipo tonse timagula osafunsa.

Mayi woweta nkhuku, Kamwendo:

Ine ndiyankha za ulimi wa mayi akunyumba kwanu, chifukwa njira imeneyo ndinadutsamo. Vuto lake ndi lakuti amene amatigulitsa anapiye ndi yemweyo amatigulitsa chakudya, ndipo tsiku la msika galimoto yake imabweranso ndi nkhuku zokulakula pa mtengo umene ife sitingaufike. Iye soya amagula wambiri nthawi yokolola mtengo uli pansi n'kusunga, pamene ine ndimagula thumba limodzilimodzi la chakudya chosakaniza kale. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinawerengera n'kupeza kuti ndikungogwirira ntchito wogulitsa chakudya, choncho ndinasiya.

Tsopano ndimaweta zachikuda ndi za Mikolongwe. Zimachedwa kukula, koma zimadzipezera zina mwa zakudya, ine n'kungowonjezera madeya ndi soya wokazinga, ndipo ogula a ku Lilongwe amalipira bwino popeza famu yaikulu sigulitsa nkhuku yotere. Chofunika ndi kusaphonya katemera wa chitopa wodonthezera m'maso, chifukwa chikalowa m'mudzi chimasesa khola lonse.

Mlimi wa soya, Santhe:

Pepani akuluakulu, ine ndikuona mosiyana pang'ono. Ife a ku Kasungu fodya watigwiritsa mwala kangapo, ndipo soya amene tathawirako amafuna msika. Wogula wamkulu wa soyayo ndi opanga chakudya cha nkhuku omwewa. Tisaiwalenso kuti nkhuku ya pafamu imaikira mazira pafupifupi 300 pa chaka, pamene yachikuda siyandikirako n'komwe, ndipo mwana wa munthu wosauka amalawa dzira chifukwa cha kuchuluka kumeneku. Manyowa a nkhuku nawo ndi chuma masiku ano pamene feteleza wakwera chonchi.

Chimene ndingakuchenjezeni ndi nkhani ya malo. Maesiteti a fodya atatenga malo kuno m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mabanja ambiri anasanduka matenanti, ndipo malo akalowa pa lizi sabwerera wamba. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, choncho nkhaniyi isathere pabwalo la amfumu pokha. Za ntchito musakhulupirire pakamwa, chifukwa khola la makono lodyetsa ndi kumwetsa ndi makina limasamalidwa ndi anthu owerengeka, ndipo ntchito zambiri zimatha kumanga kukatha.

Mlangizi wa ziweto wopuma, Kasungu:

Ndiwonjezere pa zimene anena achimwene a ku Santhe. Pamsonkhanopo mufunse kumene madzi otsukira makola azikatayidwa, kumene nkhuku zakufa zizikakwiriridwa, ndiponso kutalika kwa makolawo kuchokera pa mjigo ndi padambo pamene mumamwetsa ng'ombe. Mufunsenso ngati bungwe la MEPA, loona za chilengedwe, launika ntchitoyi, ndipo akuonetseni chikalata chake.

Mlimi wa ku Mkanda:

Zikomo kwambiri nonse, mafunsowa ndawalemba. Mayi akunyumba akuti nkhuku zoyera zimene zili m'kholazi azimalize kaye, kenaka ayese zachikuda. Mayi a ku Kamwendo, tithandizeni: katemera wa chitopayo mumapereka pakapita miyezi ingati, ndipo mumamusunga bwanji kumudzi kopanda firiji?