Tipitirize kugula nyumbayi? Lipoti la furnace ndi magetsi latisowetsa mtendere

Wofunsa (dzina labisidwa):

Abale anga pa gulu pano, makamaka amene muli ku America ndi ku Canada, ndithandizeni nzeru. Ine ndi amuna anga tili ku South Bend, Indiana, ndipo tapeza nyumba yomangidwa m'ma 1960. Mtengo tagwirizana, koma tidakali m'nthawi ija imene wogula amaloledwa kusintha maganizo nyumba ikapezeka ndi vuto. Inspector, katswiri woyendera nyumba, wabwera kale kudzaiona. Zing'onozing'ono zilipo zambiri, izo sitikuziwerengera. Zimene zativuta ndi ziwiri.

Ku basement, chipinda chokumbidwa kunsi kwa nyumba, eni ake anachotsa furnace (makina otenthetsera nyumba) yakale n'kuika yamakono, ija yotulutsa utsi ndi mapaipi oyera a PVC kudzera pakhoma. Paipi imodzi yafwamphuka pakati, ndipo furnace ikayaka, ukayandikitsa khutu umamva madzi akulira mkatimo. Panja, kukamwa kwa paipiyo kwatalikirana ndi nthaka mwina chikhatho chimodzi chokha. Odziwa kuno mukudziwa mmene chipale chofewa cha ku Lake Michigan chimaunjikanira usiku umodzi.

Giza ya gasi yatsala yokha pa chumuni chakale cha njerwa chimene inkagawana ndi furnace yakale ija. Inspector anandiunikira ndi tochi pamwamba pa gizayo. Timphete ta pulasitiki tozungulira mapaipi a madzi tasungunuka mbali imene yayang'ana paipi ya utsi, ndipo pachitsulopo pali dzimbiri ndi mwaye. Akuti utsi nthawi zina umabwerera m'nyumba.

China ndi panel ya magetsi, imene kwathu timati DB. Ma breaker ena alowetsedwa mawaya awiri pamalo amodzi, pali waya woonda wa 14 gauge pa breaker ya 20 amp, mabowo ena ndi osatseka, ndipo kutsogolo kwake anamangako mashelefu.

Wogulitsa akuti ali ndi munthu wake amene akonze zonsezi tisanasaine. Amuna anga akuti tivomere, nyumba za mtengo wathu n'zosowa. Ine mtima ukukana, chifukwa anyamata athu timafuna azigona ku basement komweko. Kodi izi n'zokonzeka, kapena tiisiye? Ngati n'zokonzeka, tilole munthu wa wogulitsa?

Bambo wa ku Indianapolis:

Mayi, ntchito yanga ndi yomweyi ya furnace, ndiye ndimveni. Pa zonse mwatchulazi, chondiopsa ine ndi giza. Kale furnace ndi imene inkatenthetsa chumunicho n'kumakoka utsi bwino. Tsopano kamoto ka giza kokha sikangatenthetse dzenje lalikulu choncho. Utsi umazizira usanafike pamwamba, umasanduka chinyezi chodya njerwa, ndipo wina umatulukira pansi pomwepo. Pulasitiki yosungunukayo ndi umboni woti zachitikapo kale. Amene anaika furnace yatsopano anayenera kuona zimenezi tsiku lomwelo. Pokonza amaika paipi yachitsulo ya saizi yoyenera mkati mwa chumuni, dzina lake liner. Apo ayi, mugule giza yokhala ndi fani yakeyake yotulutsira utsi pakhoma, kapena yamagetsi.

Za PVC ndi zopepuka. Furnace za mtunduwu zimapanga madzi, ndiye paipi imayenera kupendekera kubwerera ku furnace, pafupifupi kota ya inchi pa phazi lililonse, kuti madzi atsikire kotayira kwake. Pofwamphukapo madzi adzadzaza, ndipo furnace idzazima yokha, nthawi zambiri usiku wozizira zedi. Panjapo pamafunika mainchesi 12 pamwamba pa pamene chipale chimafika, osati pamwamba pa nthaka chabe.

Mayi wa ku Calgary:

Achemwali, kaya mugula kaya simugula, kumene mukukhala panopo muli ndi alamu ya carbon monoxide? Ikani pa nsanjika iliyonse komanso pafupi ndi zipinda zogona. Mpweya umenewu sununkha, suoneka. Ndi womwe uja umapha anthu kwathu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June. Mutu kupweteka, chizungulire, nseru, banja lonse nthawi imodzi, n'kumapeza bwino mukatuluka panja: mukaona zimenezo tulukani, imbani 911. Ma alamu amathanso ntchito pakapita zaka, muziona deti kumbuyo kwake.

Mnyamata wa ku Dallas:

Anti, isiyeni. Ngati zooneka zili chonchi, za m'makoma zili bwanji?

Wamagetsi wa ku Maryland:

Achimwene a ku Dallas, funso lanulo ndi labwino, koma si chifukwa chothawira musanafufuze. Mayi, mawaya awiri pa breaker imodzi timakumana nazo kawirikawiri. Alipo ma breaker opangidwira mawaya awiri, koma ambiri ndi a waya mmodzi, ndipo ukapanikiza awiri wina amakhwepa n'kumatentha. Kukonza kwake si ntchito yaikulu. Cha 14 gauge ndi chimene sindingachigonere. Waya ameneyo malire ake ndi breaker ya 15 amp, ya 20 imafuna 12 gauge, womwe ndi waya wonenepa kuposa wa 14. Mmene zililimu waya akhoza kutentha m'khoma breaker isanagwe. Nthawi zambiri zimachitika chonchi: breaker inkagwaigwa, wina n'kuikapo yaikulu kuti isamavute. Ndiye wamagetsi aone chimene chinkaigwetsa. Mashelefu achoke, kutsogolo kwa panel kumafunika mpata wa mainchesi 36.

Popeza nyumbayo ndi ya m'ma 1960, afufuzenso ngati mulibe mawaya a aluminiyamu, amene anagwiritsidwa ntchito kwambiri kuyambira pakati pa zaka zimenezo mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1970. A inshuwalansi ena amafunsa zimenezi. Ndipo chonde abambo akunyumba asatsegule okha chivundikirocho. Ngakhale mutazimitsa main, mawaya akuluakulu olowa kuchokera panja amakhalabe ndi moto.

Mayi wa ku Elkhart:

Ife tinagula chakuno komweko. Munthu wa wogulitsa musamulole, mayi, ameneyo amafuna zotchipa ndi zachangu basi. Itanani anthu anu a laisensi, wa furnace ndi wamagetsi, akulembereni mtengo papepala, kenako agent wanu apemphe kuti ndalamayo ichotsedwe pa mtengo wa nyumba kapena muilandire posaina. Imbaninso ku ofesi yoona zomangamanga mufunse ngati furnace yatsopanoyo inaikidwa ndi permit, chilolezo cha ofesiyo. Za anyamata kugona ku basement, onani kaye ngati kuli windo lalikulu loti munthu n'kuthawirapo moto utabuka. Popanda limenelo si chipinda chogona.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, amuna anga awerenga ndipo tagwirizana kuti munthu wa wogulitsa ayi. Agent wapempha kuti atiwonjezere nthawi yoyendera. Windo la ku basement ndi kakang'ono ka m'mwamba, ndiye anyamata agona kumtunda mpaka tidzakonze. Bambo a ku Indianapolis, wa furnace akabwera ndimuuze ayeze chiyani kuti asangoyang'ana n'kumapita?

Bambo wa ku Indianapolis:

Muuzeni atseke zitseko ndi mawindo onse, ayatse dryer, fani ya kukhitchini ndi za kubafa, kenako ayatse giza. Zimenezi zimakoka mpweya m'nyumba, ndipo ngati utsi umabwerera, ndi pamene umaonekera. Ayeze ndi makina oyezera utsi, osati ndi dzanja, ndipo manambala akulembereni. Ayang'anenso mkati mwa chumuni ndi heat exchanger ya furnace, chitsulo cholekanitsa utsi wa moto ndi mpweya wotentha wolowa m'nyumba. Zimene apeze mudzatiikire pano tidzaone limodzi musanasaine.