Kalavani yanga ikuzizira usiku, ndipo mu Okutobala ndikupita nayo ku Mfuwe

Wogula nsawa wa ku Chiparamba:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndinagula kalavani yakale ya Sprite ku Lusaka, ndimaikoka ndi Hilux kupita komwe ndikugula nsawa ndi soya. Pano yaima kufupi ndi Katete. Sikelo ndi matumba zimakhala panja, ine ndimagona m'katimo poti katundu sangagone yekha. Koma Juni uno wandionetsa. Tambala woyamba akamalira mapazi amakhala atauma gwa, mawindo ali madzi chuchuchu, matiresi kunsi kwake onyowa. Mnyamata amene amandithandiza akuti tizilowetsa mbaula makala akafiira, utsi utatha. Chinanso, mu Okutobala ndapeza ntchito yotuta njerwa ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, ndipo ndidzagona momwemo. Amene mukudziwa chigwa chija, ndikonzekere bwanji?

Namwino wopuma ntchito:

Mwanangu, mbaula isalowe. Ngakhale pakhomo isayandikire. Makala ofiira amene mukuti atha utsiwo ndi amene amapha, chifukwa amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka komanso wosanunkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, koma munthu wogona samva zonsezo. Miyezi yozizira ino tinkalandira anthu otere m'chipatala, ochokera m'nyumba zenizeni zokhala ndi mipata kudenga. Nanga kalavani yotsekeka ponseponse? Sitovu ya gasi nayo musaiyatse kuti muothe.

Wiritsani madzi panja, thirani m'chigubu cholimba, chikulungeni ndi chitenje muike kumapazi. Valani chipewa ndi masokosi. Bulangete limodzi liyaleni pansi panu, musaunjike onse pamwamba.

Makanika wa pa Kapata:

Amayi anena zoona, ine ndingowonjezera za madziwo. Achimwene, denga lanu silikudontha ayi. Ndi mpweya wanu womwe, kuphatikiza nthunzi ya nsima ngati mumaphikira m'kati. Khoma la kalavani ndi lata lopyapyala, kathovu pakati ndi pulayiwudi, ndiye likazizira nthunzi ija imasanduka madzi. Mukatseka paliponse kuti mufunde, m'pamene mumanyowetsa kwambiri, ndipo chinyezi chimazizira kuposa mphepo. Kawindo ka padenga kasiyeni kotsekula mpata wa chala chimodzi usiku wonse. Timabowo tam'munsi mwa chitseko musatitseke ndi nsanza, gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatayikira amatulukira pamenepo.

Pansi pa matiresi yalani mphasa kuti mphepo izidutsa, m'mawa matiresiwo muziwaimika padzuwa. Mawindo dulirani makatoni muzitsekera kukada. Kuzizira kwambiri kumalowera pansi, chifukwa mphepo imayenda momasuka kunsi kwa kalavani. Inu muli ndi matumba a soya, asanjeni mbali yomwe mphepo ikuchokera, kapena mangani kampanda ka udzu.

Za Mfuwe, nkhani yonse ili padenga. Dzuwa likafika palata, mwachedwa kale. Gulani shedineti yothithikana, ija ya 80 peresenti ya kumanazale, muimange pamitengo inayi kuti ikhale pamwamba pa denga ndi mpata wa mkono umodzi. Isagone padenga, mpatawo ndi umene umagwira ntchito. Dengalo litsukeni, ngati lachita dzimbiri kapena lada lipakeni penti yoyera. Poimika, mbali yaitali isayang'ane kumadzulo.

Eyakoni, makina oziziritsa mpweya aja, iwalani. Yaing'ono yomwe imadya mawati pafupifupi 1,000, pomwe fani ya mavoti 12 imazungulira usiku wonse pa batire imodzi ndi sola yapakatikati. Ndipo tonse tinaona mu 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba, mmene magetsi a ZESCO ankathimira. Fani imodzi muiloze kukawindo ka padenga kuti izitulutsa mpweya wotentha, ina ikhale yanu. Ngati firiji yanu ndi ija ya gasi yobwera ndi kalavani, imafuna kuima mowongoka bwinobwino, ndipo mabowo ake akunja akhale kumthunzi. Ngakhale mutero, kukatentha kwambiri imafooka, madzi amangokhala ozizirira chabe.

Mayi wa ku Mfuwe:

Takulandiranitu alendo, koma mubwere mukudziwa. Kwanuko ku Chipata kuli pamtunda, mamita oposa 1,000, ife kuno tili m'munsi pafupifupi theka la pamenepo. Mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo usiku sikuzizira msanga ngati kwanuko. Masana kalavani idzakhala ngati uvuni wa njerwa zomwe mukudzatutazo, musayerekeze kupumamo, ndipo mwana kapena galu musamutsekeremo ngakhale pang'ono.

A makanika sanatchule za mitengo ya mthunzi. Tsanya musaudalire, nthawi imeneyo umakhala utayoyola masamba onse. Mvunguti uli ndi mthunzi wokoma, koma chipatso chake chikagwa chikhoza kuwononga denga, mwinanso galasi la Hilux yanu. Funani msikidzi, umakhala wobiriwira chaka chonse. Mango ali bwino kumudzi, koma akayamba kupsa chakumapeto kwa chaka njovu zimawatsata usiku. Pa chifukwa chomwecho malalanje ndi zipatso zina zonunkhira musagone nazo m'kati. Anyani nawo amadziwa kulowetsa dzanja pawindo.

Kampanda ka udzu kaja musabwere nako kuno, achimwene a makanika mundikhululukire. Ku Katete mu Juni n'kabwino, kuno n'kuitana njoka ndi zinkhanira, komanso ndi nyengo ya moto wolusa. Lambulani pozungulira ponse pakhale dothi lokha, botolo la gasi likhale pamthunzi.

Ife chomwe timachita n'chapafupi. Nyikani chitenje m'madzi, chifinyeni, mufunde fani ikuwomba. Mvula isanayambe mpweya umakhala wouma, ndiye chitenjecho chimazizira bwino, ena amachipachika pawindo lomwe mphepo ikulowera. Mitambo ikayamba kusonkhana mu Novembala nzeru imeneyi imachepa mphamvu. Mawindo onse akhale ndi gozi yotchinga udzudzu yosang'ambika, neti yanu musaiwale, malungo a kuno si ocheza nawo.

Wogula nsawa wa ku Chiparamba:

Zikomo nonse. Amayi, mnyamata ndamuwerengera zomwe mwalemba, mbaula izigona panja. Mphasa ndagula kale pamsika wa Katete. A makanika, sola ndiike padenga pansi pa shedineti, kapena nditani?

Makanika wa pa Kapata:

Ayi, pansi pa neti sidzachaja mokwanira. Iikeni pansi padzuwa, chapatali pang'ono, ndi waya wonenepa wosatalika kwambiri kuti mphamvu isathere m'njira. Muziipukuta fumbi m'mawa uliwonse, ndipo madzulo muziilowetsa.